Chimene Chinawakanika a Waya

Amalume anga anthu ankawatcha a Waya, ndipo dzina lawo lenileni ngakhale akazi awo analiiwala. Ankakonza mawayilesi, mafani, mbaula ndi china chilichonse cholowa magetsi, m'kachipinda kopanikizika pakati pa butchala ndi sitolo ya penti. Chinthu chikabwera chakufa ankayamba achinunkhiza kaye, n'kunena pamene chapsa asanachitsegule n'komwe. Ankadzitama ndi chinthu chimodzi chokha, chakuti palibe chimene chinawakanikapo. Vuto lawo linali kusadziwa kukana. Anali munthu wa inde bwana, woti ngakhale mwana akawakalipira ankapepesa ndi iwo.

Mumsewu wathu munali nyumba ziwiri zopemphereramo, ina kumtunda, ina kumunsi, iliyonse ndi chimkuzamawu chake padenga. Zonse ankakonza ndi amalume. Akumtunda akamva kuti akumunsi awaposa phokoso, ankabwera kudzapempha kuti chawo achiwonjezere mphamvu. Posakhalitsa akumunsi nawo ankatulukira ndi dandaulo lomwelo. Ine ndinkati Mulungu wawoyo ayenera kuti ndi gonthi. Amalume ankanditsina khutu, koma ntchito ankaigwira.

Iwo ankapemphera kumtunda, kumene banja lathu linkapemphera kuyambira kale. Amayi anga, mlongo wawo, anakwatiwa kumunsi, ndipo bambo atamwalira sanabwerere. Amayiwo anali telala, ndi kashopu kawo ka makina awiri pafupi ndi pokwerera basi. Ankasokera aliyense, poti tepi yoyezera sifunsa kumene munthu amapemphera.

Kenako kumtunda kunabwera mtsogoleri watsopano, wa pakamwa ponona ndi nsapato zonyezimira. Anati msewu wadetsedwa ndi anthu amene anataya njira yoona, n'chifukwa chake malonda sakuyenda ndipo ana akudwaladwala. Anaitanitsa msonkhano waukulu, ndipo amalume anathera m'mawa wonse pamakwerero, akumangirira chimkuzamawu chatsopano kuti mawu akafike mpaka kumsika. Anafikadi. Masana amenewo, ndili m'shopu kuthandiza amayi kusita, tinamva dzina la amayi likutchulidwa kuchokera padenga lija, momveka bwino, popanda kukhosomola kulikonse. Amalume ntchito ankaidziwa.

Anthu a kumsonkhano kuja anabwera akuimba. Ichi ndicho chimandichititsa nseru mpaka lero, chifukwa inali nyimbo yomwe amayi ankandigonekera nayo ndili wamng'ono. Ena anali atavala malaya osokedwa m'shopu momwemo. Mayi wina amene tinkamusungira mwana akapita kumsika ndiye ananyamula chigubu cha palafini, ndipo asanathire anatsinzina n'kupemphera kaye. Shopu itayaka tinathawira panja, koma amayi anabwerera m'moto kuti akapulumutse makina amodzi. Makinawo sanatuluke, koma dzanja lawo lamanja linatuluka litakwinyika ngati jumbo yoyandikira makala.

Akumunsi nawo musawayese angelo. Anyamata awo anafika kuchipatala ndi mafoni m'manja, kufuna kujambula dzanjalo kuti akautsire anzawo mtima wobwezera. Sanafunse n'komwe ngati wodwalayo wadya. Amayi anawapirikitsa ndi dzanja lotsalalo.

Amalume anatitenga. Anaunjika mawayilesi akufa pakona, n'kuika makina obwereka pafupi ndi zenera la shopu yawo. Za tsiku lija sanatchulepo kanthu, ndipo kukhala duu kwawoko kunkandinyansa. Ndinkadziwa kuti akumtunda adzabweranso, ndipo ndinali nditawauza amayi kuti amalume akadzangoti inde, ife tidzanyamuke tsiku lomwelo, olo kukagona pansi pa mlatho. Amayi nawo zovala zawo sanazitulutse m'chikwama.

Anabweradi. Chimkuzamawu chija chinali chitapsa ndi kukuwa, ndipo mtsogoleri anachibweretsa yekha n'kuchikhazika patebulo. Anapereka moni kwa amalume, kwa ine, ngakhale kwa wa butchala amene anasuzumira pakhomo, koma amayi anawadumpha ngati mpando. Amalume anawerama n'kuchinunkhiza. Ndinaona pankhope pawo kuti vuto alipeza kale, ndipo zala zawo zinayamba kupapasa pamene amaika zida. Amayi anasiya kupalasa makina.

"Ichi chandikanika," anatero amalume.

Mtsogoleri anaseka. "Inu a Waya? Simunachitsegule n'komwe."

"Chikayamba kulankhula chimatchula mlongo wanga, bambo. Matenda amenewo ine sindinawaphunzire."

Maso awo anali pansi ngati mwana wogwidwa akuba shuga, koma mawuwo sanawabweze. Mtsogoleri anawakumbutsa kuti wokana ntchito ya Mulungu wakana Mulungu yemwe, n'kunyamula katundu wake. Kuyambira pamenepo akumtunda anasiya kubweretsa zinthu zawo, ndipo malo a amalume kumapemphero anapeza mwini wina. Akumunsi nawonso sanabwere, poti kwa iwo amalume ndi uja anakwera pamakwerero. Shopu imene inkasowa popondera inatsala ndi mafani a anthu odutsa.

Chimkuzamawucho chinakakonzedwa kwina, okonza sasowa. Chimalankhula m'mawa uliwonse ndi mawu osasa, ndipo masiku ano, popanda manyazi, chimakonda kuphunzitsa za kukonda mnansi. Nthawi imeneyo amalume amakhala pafupi ndi zenera, magalasi ali pamphuno, akulowetsa ulusi m'masingano a amayi, poti zala zopsazo sizigwiranso kanthu kakang'ono. Amalowetseratu a tsiku lonse, ulusi uliwonse singano yakeyake, n'kuwabaya pakansalu. Amayi amazula imodzi ndi dzanja lamanzere, n'kuyamba kusokera batani pamalaya a munthu.