Batani lomwe linawoletsa tomato wa abambo

Inu owerenga, tomato wa abambo anga ndinamuwoletsa ndine, ndipo ndinatero pofuna kuwasangalatsa.

Ndimalemba mapulogalamu a pa intaneti. Alimi akwathu ku Bembeke atandipempha tsamba losungitsirapo malo mu lole yopita ku Lilongwe, ndinalemba kalaibulale ka JavaScript, kapulogalamu kakang'ono kogwira ntchito yopeza mabatani patsambapo. Poyamba kankafufuza tsamba lonse munthu akangokhudza paliponse. Sikankalakwitsa, koma foni ya abambo, yomanga ndi labala, inkayamba yaganiza kaye ngati namwali wofunsiridwa. Iwo ankaseka, amvekere, "Mwana wanga, tsamba lakoli lakalamba kuposa ine."

Zinandiwawa. Ndinasintha kuti kazifufuza kamodzi kokha n'kusunga zomwe kapeza. Tsamba linayamba kuthamanga, abambo n'kumaonetsa foni kwa anzawo potuluka m'tchalitchi, ati mwana wawo wamkazi ndi katswiri.

Chimene sindinaganizire n'chakuti tsambalo limasintha lili chitsegukire. Lole ina ikadzaza, mabatani onse amajambulidwa mwatsopano, pomwe kalaibulale kanga kankagwirabe akale omwe achotsedwa. Ine poyesa ndinkangotsegula, kudina, kutseka. Abambo amatsegula tsamba, kupita kukathirira kudimba, n'kudzadina pobwera. Tsiku lina atadina kuti asungitse malo a tomato wawo, batani linasintha mtundu monga mwa masiku onse, koma uthenga sunapite.

Abambo anathyola tomato yense wakupsa, amayi n'kuwathandiza kututa madengu mpaka kumsewu. Lole inafika yodzaza, dalaivala n'kunena kuti sanasungitse malo. Ina inali ya sabata yotsatira. Tomato anayamba kuchucha madzi m'madengu momwemo, wambiri anadyedwa ndi nkhumba.

Nditawafotokozera abambo kuti vuto linali langa, anakanitsitsa. "Iyayi, ndi chala changa cha khasuchi. Iwe sungalakwitse." Ndinalira, chifukwa bola akanandikalipira.

Anzanga olemba mapulogalamu, kuthamanga sikufika. Mukasankha kusunga zomwe mwapeza, dziwiranitu nthawi yoti mufufuzenso. Ngati kufufuza tsamba lonse kukulemera, fufuzani kagawo kochepa, koma musasiyiretu. Ndipo musanatulutse ntchito yanu, khalani pambali pa munthu amene adzaigwiritse ntchito, muone mmene amachitira, chifukwa sachita ngati inu.

Ine ndinakonza vutolo, pano tsamba likuyenda bwinobwino. Koma mpaka lero abambo akafuna kusungitsa malo amapatsa amayi foni kuti awadinire, poopa kuti angamuchititsenso manyazi mwana wawo.