Zitenje Zotchingira Gasi

Amuna anga amawotcherera zitsulo m'mphepete mwa msewu pa Boma, pansi pa shedi yopanda zipupa. Owotcherera onse kwathu amagwirira panja, kuti odutsa aziona moto n'kukumbukira kuti ngolo yawo ndi yothyoka.

Chaka china anagula makina atsopano okhala ndi botolo lalitali la gasi wotchedwa agoni. Anandifotokozera kuti gasiyo sayaka, sanunkha, saoneka. Ntchito yake n'kungophimba chitsulo chosungunuka kuti mpweya usachikhudze. Ndinawauza kuti agula chinthu chaulesi ngati mng'ono wawo. Sanaseke.

Amene anapanga makinawo sanafikeko ku Ntcheu mwezi wa Julaye. Mphepo yake imalanda chipewa pamutu, nanji gasi.

M'mawa wina kunabwera bambo wa ku Bwanje atamanga pampu yothirira panjinga. Inali itang'aluka, ndipo mbande zake za mpunga zinali zitayamba kufota. Pampuyo inali ya aluminiyamu, yofuna makina atsopano aja. Amuna anga anaiwotcherera, bamboyo n'kumapita. Mawa lake anabwereranso, pampu ikudontha, powotcherera ponse pali timabowo ngati mkati mwa buledi. Mphepo inali itauluza gasi. Bamboyo sanakalipe. Anangokhala pa tayala, fumbi mpaka m'nsidze.

"Ikadonthanso, mbande zija ndaziiwala," anatero.

Ndinamva chisoni, kenako mkwiyo, poti amuna anga anangoima n'kumayang'ana kumwamba ngati mphepo ili ndi ofesi yokadandaulako. Ndinaitana amayi anzanga ogulitsa mbatatesi. Tinamasula zitenje zapamwamba, n'kuzitambasula mozungulira amuna anga, nkhope titalozetsa kumsewu poopa kuwala kwa moto wowotcherera.

Tsono kwathu amayi akazinga munthu ndi zitenje pamsewu, ndiye kuti wapakati matenda amuyambira panjira. Akabaza anayamba kudutsa pang'onopang'ono, osaliza belu. Mayi wa sitolo yapafupi anathamangira ndi beseni la madzi ofunda ndi lezala watsopano. Atasuzumira, anapeza amuna anga atagwada, gasi akulira chapansipansi, mwana amene ankamuyembekezera uja ali pampu. Anaika beseni pansi, n'kugwira nsonga ya chitenje changa pamene pankalowa mphepo.

Bamboyo ananyamuka ndi pampu yake dzuwa litapendeka. Sabata yonseyo amuna anga ankati akaona njinga yonyamula katundu kuchokera kumunsi ku Bwanje, ankaleka kutafuna. Mpaka lero bambo uja sitinamuonenso, ndipo sindikufuna kumuona.