Kamera inakhala pa mbewu ya achemwali anga

Lolemba lapitali ndinaphunzira ntchito ya nyemba imene sindinkaidziwa chibadwire. Ine ndimayesa nyemba ndi zophika ndi zobzala basi. Kani zimakhalanso mtsamiro wa kamera ya vidiyo.

Kuparishi kwathu kunabwera alendo awiri a ku Ulaya, bambo ndi mayi, otumidwa ndi mipingo ya kwawo kudzaona mmene chilala chatisiyira. Anali ndi munthu wathu wakuno, a Magombo a ku Limbe, amene amajambula ndi kamera zija zazikulu zonyamula paphewa. Abambo mfumu anandipempha kuti ndiwaperekeze kumidzi, poti Chingerezi ndimachiphwanyako. Ndinawatengera ku Ndunde kwa achemwali anga a Felesiya, amene amuna awo anatisiya chaka chatha ndipo akulera okha ana anayi. Ndinati mwina alendowo akadzionera ndi maso, thandizo lingayambire pakhomo pamenepo.

Pofika tinapeza kuti choimikapo kamera, chija cha miyendo itatu, chathyoka mwendo m'galimoto chifukwa cha mabampu a msewu. A Magombo anagwira m'chiuno. "Chithunzi chogwedera azungu sachifuna," anatero. "Amati chimawachititsa chizungulire."

Anayesa kukhazika kamera pamwala, inapendekeka. Anayesa pamtondo wovundikira, inaterereka. Kenaka anatembenukira kwa achemwali n'kuwafunsa ngati angawasokere kathumba kakang'ono. Achemwali anatenga buluku lakale la malemu alamu anga, anadula mwendo umodzi n'kusoka mbali imodzi. Kunatsala kupeza choikamo.

Ine ndinati tiikemo mchenga, poti chaka chino ndi umene takolola wambiri, mitsinje yonse yasanduka mchenga. A Magombo anakana, akuti fumbi lake limalowa m'makina n'kuononga tepi. Chimanga nachonso anati sichiyenda bwino m'thumba, ndipo chachikasu cholandira kwa opereka thandizo chinali chitagayidwa n'kudyedwa kale chonse.

"Nyemba ndiye zenizeni," anatero. "Zimaterera. Kamera ikakhalapo zimapatuka zokha n'kuigwira mbali zonse. Koma osadzaza kwambiri, mayi, pasiyidwe malo oti ziziyenda."

Achemwali analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kamtsuko. Kamtsukoko ndimakadziwa. Munali nyemba za nanyati zosakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asazilowe. Miyezi yonseyi ana akhala akugonera mango aawisi owiritsa, koma kamtsukoko sanakatsegule. Amene munalimako mukudziwa chifukwa chake. Nyemba zimacha chimanga chisanakhwime. Khwanya ndi zitheba ndi zimene zimaolotsa banja mwezi wa Febuluwale.

"Achemwali, si mbewu imeneyi?" ndinawanong'oneza.

"Akungobwereka, achimwene. Mlendo wapempha kanthu kakang'ono, ndimuuze kuti palibe pamene ine ndikudziwa kuti kalipo?"

Anazipeta m'lichero mpaka phulusa lonse linachoka, anazithira m'mwendo wa buluku uja n'kusoka molimba.

Kunena zoona, kathumbako kanagwira ntchito. A Magombo anakaika pamtondo, kamera inakhala phee ngati nkhuku yofungatira. Anajambula nkhokwe yopanda kanthu. Anajambula mapazi otupa a mwana wotsiriza. Mayi wachizungu uja anandiuza kuti ndifunse achemwali chimene adzabzale mvula ikagwa, ndipo iwo anayankha akuyang'ana kamera kuti ali ndi kambewu ka nyemba kamene asunga. Ndinamasulira mawuwo m'Chingerezi, kamera ili khale pa kambewu komweko.

Nthawi yopita itakwana, a Magombo ananyamula kathumba kaja n'kukaika pawindo la galimoto kuti azijambula minda m'njira. Ndinatsegula pakamwa, koma achemwali anandigwira mkono.

"Musatichititse manyazi. Munthu wabwera kudzatithandiza, ife timulande kathumba? Akumbukira yekha."

Galimoto inapita.

Lachitatu mvula inagwa, yoyamba yeniyeni, mpaka fungo la dothi linalowa m'nyumba. Lachisanu ndinakwera basi ya ku Limbe kukafuna a Magombo. Anandilandira bwino, anandikhazika pampando n'kundionetsa tepi ija pakanema. "Taonani mmene zatulukira," anatero mokondwa, "osagwedera ngakhale pang'ono."

Ndinafunsa za kathumba.

"Aa, kaja? Mayi wachizungu uja anakakonda, wapita nako kwawo. Koma nyemba anazikhuthulira m'bini ya kuhotela, poti mbewu salola kulowa nazo m'dziko lawo. Bwanji, zinali zofunika?"

Nditawafotokozera anagwira pakamwa. Si munthu woipa ayi, anamva chisoni chenicheni. Anangoti, "Mukananena."

Mawu amenewa ndakhala nawo kuyambira tsiku limenelo. Mukananena. Kodi ife timanena?

Taganizani za kwanu komweko. Mlendo akafika timamuphera nkhuku yomwe imaikira mazira, kenaka n'kupepesa kuti ndiwo zachepa. Munthu akabwereka khasu timadikira kuti akumbukire yekha, mvula ikupita, chifukwa kukafunsa n'kupanda ulemu. Wa galimoto akatifunsa kuti muli bwanji timati tili bwino, titagona ndi njala. Tinaleredwa kuti kusowa kwako ubise ndipo mlendo asachoke atakanizidwa kanthu. Akuluakulu omwewo anatichenjeza kuti manyazi adapha lambe, koma mwambi umenewu timangouloweza kusukulu.

Mudzandiuza kuti kupatsa n'kuika. Ndikuvomera. Koma mwambowo unapangidwa nthawi imene nkhokwe zinali zodzaza, ndipo mlendo anali wa kutsidya kwa dambo, woti mawa nawenso ukamupeza pakhomo pake. Nanga mlendo wokwera ndege, zimene waika kwa iyeyo ukazitenga kuti?

Ndipo alendowo ndiwanene chiyani? Anauluka ulendo wonsewo kudzafuna njala kuti aijambule. Anaona nkhokwe, anaona mapazi a mwana, anafunsa mafunso abwino. Palibe anadabwa kuti m'nyumba yopanda chakudya mwatuluka bwanji nyemba zodzaza mwendo wa buluku. Diso lonse linali pagalasi la kamera, ndipo chimene chinali pansi pa kamerayo palibe anachiona. Mwina tepi ija idzatibweretsera thandizo, kaya. Likadzafika, nthawi yobzala idzakhala itapita kalekale.

Chimene chikundifoola n'chakuti sindikuona potulukira. Tiphunzitse ana athu kumana alendo? Dziko lotero ngakhale ine sindingalifune. Tipitirize mmene tililimu? Ndiye tizingotha mwaulemu, tikumwetulira ndi kuombera m'manja. Ndatembenuza nkhaniyi uku ndi uku ndipo ndatopa nayo.

Loweruka ndinapalasa njinga mpaka kumsika wa Namadzi kukafuna mbewu. Ndinapeza nyemba zochepa, zakale, zofumbwa. Wogulitsayo anandiuza yekha kuti n'zophika, kumera sizingamere. Za nanyati panalibe ndi imodzi yomwe. Amene ali nazo anabzala kale Lachinayi.

Dzulo ndinapita ku Ndunde. Ndinawapeza achemwali kumunda ndi ana awo. Chimanga anabzala, ndipo pakati pa mapando anasiya malo a nyemba monga amachitira chaka chilichonse. Atandiona anaweramuka n'kuyang'ana m'manja mwanga.

"Mwabwera nako?"

Ndinawauza zonse, za ndege, za hotela ndi za bini. Anayang'ana mizere. Ndimayembekezera kuti alira, kapena andikalipira poti alendowo ndinabwera nawo ndine. Anapukuta manja pachitenje n'kundifunsa kuti, "Nanga chithunzicho chinatuluka bwino?"

Ndinati chinatuluka bwino, chosagwedera.

"Zikomo," anatero. "Bola sitinawachititse manyazi."

Anaweramanso n'kupitiriza kukwirira chimanga. Ine ndinaima pamenepo ndikuyang'ana ana anayi aja ndi malo opanda kanthu pakati pa mapando. Inu owerenga, tandiuzani: Febuluwale akafika, ana amenewa adzadya chithunzi chosagwederacho?