Dzina Limene Sindinalembe m'Buku la Laini

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kalembedwe kanga. Aphunzitsi athu kusukulu ya mishoni, kufupi ndi Kasakula, ankati zilembo zanga zimaima chilili, ndipo atamva kuti mzungu wina wogula fodya kumapiri a ku Dowa akufuna kalaliki, anandilembera kalata n'kunditumiza. Nkhondo ya Ajeremani inali itangotha kumene. Ndinayenda masiku awiri, mphasa kumutu, mbatata yootcha m'thumba.

Bwanayo sanandifunse zambiri. Anandipatsa pepala, rula ndi pensulo kuti ndijambule mizere isanu yotsika, kenaka anatchula maina khumi kuti ndilembe. Atayang'ana anangoti, "Uyamba mawa. Kapitawo akusonyeza laini."

Laini inali nyumba imodzi yaitali ya zidina, ya zipinda khumi ndi zinayi pansi pa denga limodzi la udzu. Munkakhala antchito a pamalopo ndi mabanja awo: osankha fodya, odinda mabelo, amtengatenga ndi mlonda. Chitseko chilichonse chinali ndi nambala yolembedwa ndi phula. Mzungu wa zaumoyo wochokera ku boma ankabwera mosadziwitsa kudzaona ngati tikusamala za moto ndi matenda, ndipo choyamba kufunsa chinali buku. Bukulo ndilo linali ntchito yanga.

Linali buku lalikulu lachikuto chakuda. Ndinkalemba ndi cholembera cha nsonga yachitsulo choviika mu inki, ndipo ndikalakwitsa sindinkafufuta. Ndinkangodula ndi mzere umodzi kuti cholakwikacho chiziwerengekabe. Lolemba ndinkayendera za moto: ndowa zisanu ndi ziwiri za mchenga zopachika pakhonde, migolo iwiri ya madzi, makwerero, ndi mbedza zitatu zazitali zogwetsera udzu. Lachitatu ndinkaona zimbudzi ngati athiramo phulusa ndi kuvundikira, n'kuwerenga makoswe ogwidwa m'misampha. Loweruka linali tsiku la maina. Ndinkaima pakhomo lililonse n'kulemba amene akugona m'chipindamo, mwana wa m'manja yemwe, ndi kuyang'ana pamkono ngati ali ndi chipsera cha katemera wa nthomba.

Kapitawo wathu anali a Mwale, munthu wosalankhulalankhula amene anatsogolerapo amtengatenga kunkhondo. Tsiku loyamba anandipeza ndikuwerenga ndowa ndili chapatali.

"Usawerenge ndi maso okha," anatero. "Pisa dzanja. Amayi amatapa mchengawo n'kukatsukira mapoto."

Ndinapisadi, ndipo ndowa zitatu zinali ndi mchenga pansi pokha.

Malamulo a laini anali ochepa. Kuphika kunali kuseri, m'timakhitchini, osati m'zipinda. Mlendo asapitirire masiku atatu. Munthu wa chilonda kapena chifuwa chokhalitsa asagone m'laini mpang'ono pomwe, ndipo womusunga achotsedwe ntchito.

Nditatha miyezi isanu ndi itatu, Loweruka lina ndinafika pachipinda chomaliza, nambala 14. Munkakhala Zakeyu Phiri, mmodzi wa amtengatenga, ndi mkazi wake Nabanda. Nabanda anatuluka n'kubweza chitseko kumbuyo kwake, koma ndinali nditamva kale kutsokomola kwa munthu wamkulu m'katimo.

"Ndi atate anga, a kalaliki," anatero motsitsa mawu. "Achokera kwa Dzoole. Mwendo wawo uli ndi chilonda, sangathe kuponda. Ndimakawatengera mankhwala kuchipatala cha mishoni. Mukawalemba, a Phiri ntchito yatha."

"Akhala masiku angati?"

"Chilonda chikangouma, azipita."

Ndinalowa kukawaona. Anali a Kamtsitsi, nkhalamba yowonda, atagona pamphasa mwendo atausanjika pamtondo wakale. Anandipatsa moni mwaulemu wonse ngati ine ndine wamkulu. Ndinatuluka, ndinaviika cholembera, ndipo pa nambala 14 ndinalemba anthu awiri. Loweruka lotsatira ndinalembanso awiri, ndi linzake chimodzimodzi. Nabanda akamachoka ankamanga chitseko ndi luzi kunja kuti a Mwale aziyesa mulibe munthu.

Moto unabwera mwezi wotentha, mitengo itayoyola masamba, dzuwa lili paliwombo. Linali Lolemba. M'mawa mwake, ndikuyendera ndowa, ndinali nditapereka moni kwa a Kamtsitsi kudzera pampata wa chitseko, iwo n'kuyankha. Zakeyu anali paulendo ndi mabelo, Nabanda anali atalawirira kumishoni. Anthu osaka mbewa anatentha tchire kutsidya kwa khwawa, mphepo inanyamula lawi n'kudumpha malo onse amene tinalambula, n'kukatera padenga la chipinda cha 9.

Mlonda anaimba chitsulo cholendewera pamtengo wa mbawa. Aliyense ankadziwa chochita: kuthamangira pabwalo, kuima potsata nambala ya chipinda chake, ine n'kuitana maina. Ndinatsegula buku. Maina anali makumi anayi ndi limodzi. Amene anali paulendo anzawo ankawayankhira, amene anali kumtsinje anali atafika kale akuthamanga. Pa nambala 14 mayi wina anati, "Nabanda wapita kumishoni," n'kuyang'ana pansi. Amayi ena ankadziwa za nkhalambayo, koma ena ankayesa kuti mwana wake waibereka kupita nayo, ena ankaopa.

"Akwana?" a Mwale anafunsa.

"Maina akwana," ndinayankha.

Mphepo inkakankhira moto chakumapeto, ku 10, ku 11. A Mwale anayang'ana kamodzi n'kulamula kuti amuna onse atenge mbedza agwetse udzu wa chipinda cha 6, kuti zipinda zisanu zoyamba zipulumuke. "Kumapetoko kusiyeni. Kulibe munthu."

Sindibisa, sindinalankhule nthawi yomweyo. Ndinaima ndi buku langa, ndikuona amuna akuthamangira mbali ina. Ndinaganiza za bwana, za kalata ya aphunzitsi anga, za ulendo wobwerera ku Kasakula ndilibe ntchito. Mwina inali nthawi yoti munthu n'kupuma kasanu. Denga la 12 linagwira.

"A Mwale! Mu 14 muli munthu!"

Anatembenuka. "Buku likuti chiyani?"

"Buku lanama. Muli atate ake a Nabanda, sayenda."

A Mwale sanachedwe. Anaitana amuna anayi ndi makasu. Kukhonde kunali kosafikika chifukwa udzu woyaka unkagwa pamenepo, choncho tinazungulira kuseri n'kuyamba kugumula khoma. Zidina zouma ndi dzuwa sizilimba, koma tsiku limenelo zinkaoneka ngati mwala. Bowo litakwana mapewa a munthu, utsi unatuluka wakuda bii. A Mwale ananyowetsa chiguduli mumgolo, anadzifunditsa kumutu n'kulowa chokwawa. Anatuluka chafutambuyo akukoka mphasa, nkhalambayo ili pomwepo. A Kamtsitsi anali atakomoka, tsitsi litawauka, msana ndi dzanja limodzi zitapsa. Tisanafike nawo pamthunzi, denga la 14 linagwera m'kati.

Popeza amuna asanu anachoka pambedza, udzu wa 6 sunagwe msanga. Moto unabwerera n'kudya 5 ndi 4. Pa zipinda khumi ndi zinayi panatsala zitatu. Mabanja awiri amene katundu wawo akanapulumuka anataya zofunda, mbewu ndi zonse.

Madzulo dzuwa lisanalowe bwana anandiitana pakhonde pake, a Mwale ali pomwepo. Anatsegula buku pa masamba a Maloweruka atatu aja n'kuloza nambala 14.

"Walemba ndani apa?"

"Ndine, bwana."

"Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Bwana anati nditenge mphasa yanga ndizipita. A Mwale ndiwo anayankha, mosakweza mawu. Anati kalaliki wina adzayambanso kuphunzira kupisa dzanja m'ndowa, pamene uyu waona kale chimene buku lonama limachita. Pamenepo bwana anandikankhira bukulo. Anandiuza kuti ndidule mizere itatuyo, ndilembe zoona pamwamba pake, ndisaine dzina langa pambali, kuti mzungu wa zaumoyo akadzabwera adzaone yekha. Anadzaonadi, ndipo anandifunsa mafunso pamaso pa anthu onse a m'laini.

Zakeyu atabwera kuulendo anachotsedwa ntchito monga mwa lamulo. A Kamtsitsi anagona kuchipatala cha mishoni mwezi wathunthu, anachira, koma dzanja lija silinatambasukenso. Tsiku limene ankanyamuka kupita kwa Dzoole, Nabanda anadutsa pafupi nane osandiyang'ana. Sindinadziwe ngati ankandida chifukwa ndinaulula kapena chifukwa ndinachedwa kuulula, ndipo sindinamuonenso kuti ndimufunse.

Tinamanganso laini, ulendo uno nyumba zitatu zotalikirana. Ndinagwira pamenepo zaka zina zinayi, kenaka ndinasunga mabuku otere m'malo ena mpaka maso atayamba kuchita chidima. Alendo obisika sanathe. Kunkabwera apongozi odwala, alongo othawa ukwati, ana amasiye. Aliyense ndinkamulemba tsiku lomwelo, dzina ndi chipinda, mwini chipinda akulira kapena akunditukwana. Ndikatseka buku ndinkapita ndekha kwa kapitawo kapena kwa bwana kukawapemphera kuti akhale. Nthawi zina ankalola, nthawi zambiri ankakana, ndipo pali mabanja amene sanandilankhulenso. Chifundo ndinkachichita ndi pakamwa ndi miyendo yanga. M'buku ndinkalemba anthu amene analimo, chifukwa tsiku la moto amuna a makasu amapita kumene buku lawauza.