Bushi ya Mumsana wa a Jeke

Kugalaja ankangowatchula kuti a Jeke, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ankanyamula giyabokosi ndi manja, jeke yeniyeniyo ili phee pakona. Chodabwitsa n'chakuti tsiku limene msana unawagwira sananyamule chitsulo chilichonse. Anangowerama kuti atole sipanala.

Ululu unayambira m'chiuno n'kutsika ndi mwendo wakumanzere mpaka kuchala chachikulu, ngati waya wamoto. Akafuna kuyetsemula ankayamba agwira khoma. Koma chimene ankaopa kwambiri chinali mpeni wa dokotala, poti ankakhulupirira kuti munthu akang'ambidwa msana, ndiye kuti ntchito ya pansi pa galimoto watsanzikana nayo.

Choncho anaganiza zodzikonza okha mwaumakaniko. Anauza alamu awo, amene amawotcherera zitsulo m'galaja momwemo, kuti awakoloweke lamba m'khwapa n'kuwakweza ndi tcheni chokwezera injini, kuti chimene chaguluka chibwerere m'malo mwake.

"Alamu, mwatsimikiza?" anafunsa owotchererawo. "Mukathyoka, achemwali ndikawauza chiyani?"

"Kokani inu! Nanga chasisi cha galimoto chikapindika timachiwongola bwanji?"

Analendewera mphindi ziwiri, mwina zitatu, nsapato zili m'malere, akukuwa ngati mbuzi. Atawatsitsa, phazi linali litachita dzanzi. M'mawa mwake akazi awo anawatengera kuchipatala osawafunsa maganizo.

Atawaunika ndi makina, dokotala, mayi wamagalasi wolankhula mofatsa, anawatembenuzira kompyuta. A Jeke anali asanadzionepo m'kati. Anaona mafupa atasanjikizana bwinobwino, ndipo pakati pa fupa ndi fupa panali kanthu ngati kakhushoni.

"Aa! Awa ndi mabushi, ngati timalabala ta m'galimoto tija!" anatero, ululu ataiwala.

"Ife timati madisiki, koma simunalakwe," anayankha dokotala. "Kunja n'kolimba, m'kati n'kofewa. Iyi yapansiyi yang'ambika pang'ono, zam'katizo zatuluka, ndiye zikupana mtsempha wopita kumwendo. N'chifukwa chake mwendo ukuwawa chonsecho vuto lili kumsana."

"Waya wapanidwa basi. Ndiye sipeya yake muli nayo?"

Dokotala anaseka. "Palibe sipeya, bambo. Nthawi zambiri thupi limayamwa lokha zotulukazo, pang'onopang'ono."

A Jeke anayang'ananso pakompyutapo. Chiyambire ntchito anali atataya mabushi osawerengeka, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inadzikonzapo yokha.

Dokotala anawapatsa mankhwala ochepetsa ululu, n'kuwalangiza kuti asamangogona tsiku lonse, aziyenda, azichita mafizo, ndipo potola chinthu azipinda mawondo osati msana. Mwendo ukayamba kufooka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikavuta kuzigwira, abwere nthawi yomweyo. Apo ndiye pangafunike opaleshoni.

"Muwauzenso adokotala za tcheni chija," anatero akazi awo.

"Tchenicho musiyire injini," anatero dokotala atamva nkhaniyo.

Tsiku loyamba loyeserera kuyenda, a Jeke anafika pageti n'kubwerera ali thukuta kamukamu. Sabata yachitatu anatsala pang'ono kutaya mtima. Kenako anazindikira chinthu: ululu unali utachoka kuchala, ukuthera pabondo. Patapita masiku unkathera m'ntchafu. Wamafizo anati chimenecho n'chizindikiro chabwino, ndipo a Jeke ankaulondola m'mawa uliwonse ndi chala, kuona pamene wafika.

Atatha masabata khumi, dokotala anawayendetsa ndi zidendene, kenako monyang'ama, kuchokera pakhomo kukafika pawindo. Phazi silinagwe.

"Opaleshoni sikufunika. Lolemba mutha kubwerera kuntchito, koma muyambe ndi zopepuka."

Atatuluka anaima pakhonde, dzanja lili kumsana, anthu akuwalambalala uku ndi uku.

"Mayi a ana," anatero motsitsa mawu, "chinthu chimenechi ndayenda nacho zaka makumi asanu, osachithokozapo ngakhale kamodzi."

"Muzichithokoza mukuyenda," anayankha akazi awo akuwagwira mkono. "Basi itisiya."