Mayi Wogona Patebulo

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ababa anabwera ndi kalendala kuchokera kusitolo ya Amwenye ku Limbe, kumene ankayendetsa lole. Patsamba lina panali chithunzi chojambulidwa kalekale ku Holland. Mayi wachizungu anali atagona mutu uli patebulo, ana akuvundula kabati, galu akudya m'mbale, kamnyamata kena kakusuta kaliwo. Ababa anachikhoma pabalaza pathu ku Chilobwe.

"Mwaona?" anatero. "Mayi akamagona masana, nyumba imagwa. Ana awa mathero awo ndi kupemphetsa mumsewu."

Ine ndinkawadziwa ana opemphetsa a pa Ginnery Corner, a miyendo yotuwa, ogogoda mawindo a galimoto. Kuyambira tsikulo ndinkadutsa pabalazapo nditazolika.

Tsiku lina nditaweruka kusukulu ndinapeza chitseko chili chotsegula, nyumba yonse ikununkha nyemba zopserera. Amayi anali atatsamira tebulo lomwe ankakandirapo mandasi a geni, tsaya lili pa ufa, dzanja likulendewera. Mlongo wanga wamng'ono Yusufu anali pansi, akunyambita shuga m'chitini.

Ndinati basi zija zayamba, mawa tikhala mumsewu. Ndinamulanda Yusufu chitinicho, iye n'kuyamba kulira mokuwa, koma amayi osatakataka. Nditawagwira paphewa, khungu lawo linali lozizira, lonyowa ndi thukuta.

"Amayi, dzukani, ababa akupezani chonchi!"



Ndinathamanga wopanda nsapato kwa Abiti Juma, mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana nafe.

"Amayi agona," ndinatero.

"Agona? Amako aja, dzuwa lili pamutu?"

Anasiya zochapa zawo n'kunditsogolera. Atafika anawatukula mutu amayi, n'kuwasuzumira m'maso.

"Si tulo utu, mwana iwe, akomoka. Thamanga ukaitane a Phiri a minibasi!"

Kuchipatala anati amayi anali oyembekezera ndipo magazi anali atachepa kwambiri m'thupi. Ababa anafika ali wefuwefu, kofia ili m'manja. Ndinali ndisanawaonepo ali ndi mantha. Anagwada kuti tiyang'anane.

"Asiyatu, unawapeza bwanji amako?"

"Ngati mayi wa pachithunzi uja."

Anangokhala pabenchi, n'kuphimba nkhope ndi manja.

Amayi anachira. Atatuluka, ababa anayamba kutunga okha madzi kumpopi asanapite kuntchito, zigubu ziwiri m'manja, azibambo anzawo akuwaseka panjira. Ine ndinaphunzira kukanda mandasi.

Lero ndili ndi ana atatu, ndipo ndikudziwa kutopa komwe kumakugwetsa pampando usanavule n'komwe nsapato. Ababa ankatikonda, ankaganiza kuti mantha ndiwo adzatiteteze. Koma mantha aja anandichedwetsa. Ndinayamba kudera nkhawa za shuga ndi za ukali wa ababa, amayi anga akuzizira patebulo. Ana angawa ndinawauza chinthu chimodzi chokha: mukadzandipeza ndagona pamalo osayenera, musadzakonze m'nyumba. Mudzakuwe.