Nyemba za M'kabati

Faifi koloko m'mawa wa Loweruka inawapeza ali kuseri kwa nyumba, akukwecha zitini ndi mchenga n'kumaziboola kunsi ndi msomali. Kusukulu aphunzitsi anzawo amawatcha Mayi Zitini. Amuna awo amati pakhomo pano chitini chimamwa madzi mwini nyumba asanaone tiyi.

Mayiwo amaphunzitsa tiana ta zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ali ndi khalidwe limodzi lotopetsa: sayankha mafunso. Mwana akafunsa ngati mwala ungayandame, amampatsa mwalawo ndi beseni. “Ndikakuuza ine, maso akowo agwira ntchito yanji?” Madzi a m'besenimo amachoka nawo kunyumba. Lachisanu lililonse amasenza zitini za mbewu kupita nazo kwawo kuti zisafote, Lolemba n'kuzibweza. Pandandanda wa ntchito wopachikidwa mu ofesi palibe mzere wa zimenezi.

Milungu iwiri yapitayo, kamtsikana kena kogweluka mano akutsogolo kanafunsa ngati nyemba ingamere mumdima. Kalasi yonse inadzala nyemba, zitini zina pawindo, zina m'kabati. Amene ankati za m'kabati zifa anadinda chala kumanzere kwa katoni, amene ankati zimera anadinda kumanja. Za pawindo anawo ankaziyeza m'mawa uliwonse ndi kaudzu, n'kukadula polekeza nsonga, n'kukamata pakatonipo. Za m'kabati ankathirira mayiwo okha ana ataweruka, kuti pasapezeke wosuzumira. Anapangana kuti kabati adzatsekula Lachisanu lachiwiri.

Lachitatu lapitali kunamveka zoti mawa kubwera alendo oyendera sukulu. Madzulo, aphunzitsi atapita, ahedi anazungulira makalasi ndipo anapeza dothi pawindo ndi fungo la chinyontho m'kabati. Anauza alonda kuti zinyalala zonsezo zikalowe kudzala. Katoni ija alonda anakolezera moto.

Alendo anabwera, anayamikira ukhondo wa m'kalasimo, nasiya chithunzi chachikulu chonyezimira cha nyemba ikumera m'botolo. Wamkulu wawo anawalangiza mayiwo mokoma mtima kuti masiku ano ana amaphunzira pogwira ndi manja, osati kumangoloweza. Ahedi ndi amene ankagwedeza mutu kuposa onse.

Mayiwo atakadandaula ku ofesi, anauzidwa kuti asakulitse nkhani. “Inu yankho mukulidziwa, mayi. Ingowauzani anawo alembe.”

Lachisanu ana anatsekula kabati n'kupeza matabwa opukutidwa bwino. Kamtsikana kaja kanafunsa kuti apambana ndani, akumanzere kapena akumanja. Yankho linafika pamilomo pa mayiwo, pakuti iwo anali ataziona nyembazo: zazitali, zoyezuka ngati wodwala, zitapendekera kumng'alu wa chitseko. Mawu awiri okha akanatha nkhani, ndipo msana ukanapumako. Koma anawameza mawuwo. Anangoti Lolemba aliyense asaiwale chala chake kunyumba.

Ndiye lero zitini zapezeka zisanu ndi zinayi zokha, china chawacheka chala, ndipo nyemba zotsala m'nyumba ndi ndiwo za mawa. Atamva tsache likulira kuseri kwa mpanda, anadzuka, nayamwa kachilondako, n'kusendera pafupi.

“Mwadzuka bwanji, make mapasa? Zitini za mkaka wa anawo musataye, ndizitenga. Komanso ngati muli ndi tinyemba, todzaza dzanja basi, mundigawireko. Tosaphika.”